Akuti ndikaonane ndi mlangizi wa kuntchito, kodi si msampha?

Imelo yanu achimwene ndaiwerenga kawiri. Mwati abwana akuuzani kuti mukaonane ndi mlangizi wa EAP (Employee Assistance Programme, ndondomeko ya kuntchito yothandiza ogwira ntchito pa mavuto awo) chifukwa chojomba Lolemba lililonse, ndiye mukuopa kuti akufuna pokuchotserani ntchito.

Ine zandikhudza chifukwa mowa unandizunguzapo heve nthawi imene banja langa linkatha. M'mawa ndinkafika ndi matsire, chingamu m'kamwa, manja akunjenjemera moti kuti ndisaine fomu ndinkadikira kaye aliyense ayang'ane kumbali. Mu drowa munali kabotolo ka madzi koma mkatimo sanali madzi. Ndipo anthu ankadziwa! Onse. Ankangoseka kuseri, wina mpaka ankandilembera malipoti anga ati kundithandiza, aaa kumeneko nkukumbira mnzako dzenje uku ukumusekerera. Ine ndimanena mosapsatira, bwana amene akuona ukumira iye nkungokhala duu ndi woipa kuposa amene wakuitana nkukuuza mawu owawa. Wanga anandiitana, ndinamuda miyezi itatu yathunthu, ngakhale moni ndinkamuyankha ndi mphuno.

Komansotu za alangizi a kuntchitozi sizinayambe dzulo. Zinayambira ku America m'ma 1940, makampani ataona kuti kuchotsa munthu waluso chifukwa cha mowa nkuyambanso kuphunzitsa wina kumawadyera zambiri, ndipo ambiri amene ankathandiza anzawo kuntchitoko anali a Alcoholics Anonymous, gulu la anthu othandizana kusiya mowa lomwe linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America komweko. Kenako zinakula, pano amamvanso za ngongole, mabanja, maliro, nkhawa. Mu 1996 bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linatulutsa malangizo oti vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo kuntchito lizitengedwa ngati matenda ena onse. Mabwana ena mpaka lero sanamvebe, amangoti uchidakwa ndi khalidwe basi, koma iyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndiye mutani?

Pitani. Tsiku loyamba lomwelo funsani kuti zomwe munene zikafika kwa ndani. Mlangizi sayenera kuuza abwana nkhani zanu pokhapokha moyo wanu kapena wa wina uli pachiswe, koma poti akutumizani okha mwina azifuna kudziwa ngati mukupitadi, ndiye werengani musanasaine kalikonse. Kupitako sikufufuta warning ngati kujombako kukupitirira. Ndipo ngati mumamwa tsiku ndi tsiku musasiye mwadzidzidzi panokha, ena amagwa ngati khunyu, yambani mwaonana ndi dokotala.