Kwa mayi amene mwana wawo akufuna kukathamangira koleji

Achemwali, ndawerenga funso lanu pamodzi ndi mayankho ali pamwambawa. Mwati mnyamata wanu ali mu Grade 11 kuno ku Indiana, America, 5K ya cross country (mpikisano wothamanga m'tchire, osati pa bwalo) akuthamanga mphindi 16:20, pa 3200m ali pa 9:50, ndipo mtima wake uli pa sukulu ya Division I (gulu lapamwamba pa masewera a m'makoleji) yoti idzamulipirire zonse. Iye akufuna kudzakhala physical therapist (katswiri wa mafizo), pomwe bambo ake akuti achite unesi, zothamangazi azisiye. Ambiri akuuzani kuti Mulungu atsegula khomo, ndipo ine sindikutsutsa. Koma poti mwana wanga wamkazi anathamangapo ku koleji, ndiloleni ndilankhule za manambala.

Ndiyambe ndi ndalama, chifukwa ndi pomwe makolo ambiri timanamizika. Zoti sukulu imalipira zonse timazimva kwa osewera football ya ku America ndi basketball. Ku zothamanga n'zosowa kwambiri. Kwa zaka zambiri lamulo la NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji, linkalola sukulu ya Division I kupereka masikolashipu 12.6 okha kwa anyamata onse a cross country ndi track (masewera a pa bwalo lothamangira) pamodzi, ndi 18 kwa atsikana. Ndikati onse ndikutanthauza a mtunda wautali, a 100m, odumpha, oponya nthungo, gulu lomwe nthawi zambiri limapitirira anthu 40. Kochi ankagawa ndalamazo ngati nkhuku imodzi pa phwando la banja lonse: uyu ntchafu, uyu phiko, wina khosi, wina msuzi wokha. Mwana amauzidwa kuti wapatsidwa sikolashipu, makolo n'kuimba foni mpaka kumudzi, kalata ikafika n'kupeza kuti ndi ndalama ya mabuku basi.

Mu June 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House v. NCAA, womwe osewera a m'makoleji anasumira bungweli, ndipo zinthu zinasintha. Masukulu amene analowa mu mgwirizanowo alibenso malire a masikolashipu, koma ali ndi malire a anthu mu timu: 17 pa cross country, 45 pa track. Papepala zikukoma, chifukwa sukulu itafuna ikhoza kulipirira onsewo. Koma palibe woikakamiza, ndipo ndalama zambiri zikupita ku football. Chimene chachepa ndi malo a mwana ngati wanuyu, amene kale ankatha kulowa mu timu yaikulu popanda kulandira kanthu, aja amawatchula kuti walk-on, n'kumakhwima pang'onopang'ono kumbuyo kwa akatswiri. Komanso timu ikhoza kungothetsedwa mwana ali pakati pa maphunziro. Mu 2020 yunivesite ya Minnesota inathetsa timu ya anyamata ya indoor track (yothamangira m'nyumba), ndipo Clemson inalengeza kuti ithetsa zothamanga za anyamata, n'kudzabweza maganizo mu 2021 anthu atachita phokoso.

Tsopano nthawi zake. Musamve molakwika, 9:50 si masewera. Mwana wothamanga chonchi amadzuka m'mawa kukuzizira anzake ali m'bulangete, ndipo ayenera kuyamikiridwa. Indiana ndi dera lovuta, chifukwa masukulu onse, aakulu ndi aang'ono, amapikisana pamodzi mpaka kukafika pa mpikisano womaliza ku Terre Haute. Koma matimu ngati Notre Dame yomwe tili nayo pafupiyi, Oregon, BYU kapena Northern Arizona amalimbirana anyamata omwe ali cha m'ma 9:00 kapena kutsika pamenepo, ndipo ena mwa matimu akuluakuluwa amakatenganso othamanga ku Kenya. Masekondi 50 pa 3200m ndi mtunda woposa theka la bwalo. Chaka chimodzi chatsalachi akhoza kuchotsapo ena, koma musamange bajeti ya banja pa masekondi omwe sanabwere.

Pali ntchito imene iye mwini angachite usiku uno. Atsegule TFRRS, tsamba la pa intaneti lomwe limasunga zotsatira za mipikisano ya m'makoleji, afufuze sukulu iliyonse imene akuilakalaka. Pa mipikisano ikuluikulu ya cross country timu imathamangitsa anthu 7, ndipo mapointi amawerengedwa pa asanu oyamba. Ayang'ane wachisanu, wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri, kenako akawafufuze pa Athletic.net kapena MileSplit, masamba a zotsatira za ku high school, aone kuti ali mu Grade 11 ankathamanga nthawi yanji. Akapeza sukulu imene anyamata amenewo ankafanana naye, ndiyo sukulu yake. Ayang'anenso china chimene anthu sachiyang'ana: mwa amene analowa mu timuyo zaka zinayi zapitazo, ndi angati adakalipo? Timu imene chaka chilichonse imatenga ana ambiri koma omaliza n'kukhala awiri, pali chimene chikuwadya kumeneko, kaya kuvulala kaya kochi. Akumbukirenso kuti mtunda umasintha. Anyamata ku koleji amathamanga 8K, ndipo mu Division I ndi II mipikisano yomaliza imakhala 10K. Mamailosi a pa sabata amakwera kwambiri, kwa ena mpaka kuwirikiza.

Chimene ndikufuna mumve kwambiri n'chakuti kwa mwana wa nthawi ngati izi, ndalama zenizeni zili m'magiredi ake. Division III sipereka ngakhale dola imodzi chifukwa cha masewera, ndipo makolo ambiri akangomva zimenezo amaichotsa pamndandanda. Koma masukulu ambiri a kumeneko amapereka ndalama chifukwa chokhoza bwino m'kalasi komanso poona mmene banja likupezera, ndipo kochi akamufuna mwana amamulondolera ku maofesi oyenera. Mwana wanga anapita ku sukulu yotere. Titaika makalata onse patebulo n'kuchotsera, yotsika mtengo inali imeneyo, ngakhale kuti ina inali italonjeza "sikolashipu ya masewera". Ubwino wina ndi uwu: ndalama ya masewera imatha mwana akasiya timu mwa kufuna kwake, pomwe ya magiredi imakhalabe malinga ngati akukhoza. Mwana wa zaka 17 amalumbira kuti sadzasiya kuthamanga. Ndaona angapo amene pofika chaka chachiwiri anali atatopa nazo mumtima, koma n'kumapitiriza chifukwa akasiya fizi iwakanika.

Ndipo asaganize kuti kunja kwa Division I kulibe mpikisano. North Central College ya ku Naperville, Illinois, ili mu Division III ndipo yatenga chikho cha dziko lonse cha cross country ya anyamata kambirimbiri. Grand Valley State ya ku Michigan ndi chimphona mu Division II. Kuno kwathu kuli Wabash, DePauw ndi Trine mu Division III, komanso masukulu a NAIA (bungwe lina la masewera a m'makoleji) monga Taylor, Indiana Wesleyan, Huntington ndi Bethel ya ku Mishawaka, omwe amaloledwa kupereka ndalama za masewera. Kumalo ngati amenewa mnyamata wa 9:50 amakwera basi ndi timu n'kukathamanga, m'malo momangochita mapulakatisi chaka chonse n'kumaonerera anzake pa foni.

Za mapepala ndidutsa mwachangu. Ngati akufuna Division I kapena II alembetse ku NCAA Eligibility Center, ofesi yovomereza osewera. Amafuna maphunziro 16 ovomerezeka, ndi GPA (avereji ya magiredi) yosachepera 2.3 ku Division I kapena 2.2 ku Division II. Kuyambira 2023 NCAA sifunanso mayeso a SAT kapena ACT, koma masukulu ena amazifunabe, makamaka popereka ndalama. Makochi a Division I amaloledwa kuyamba kuimbira mwana foni pa 15 June akangomaliza Grade 10, choncho ngati mpaka pano foni sinalire, pamenepo pali uthenga. Asadikire. Alembe imelo yaifupi kwa makochi, atchule nthawi zake, GPA, mamailosi omwe amathamanga pa sabata ndi maphunziro omwe akufuna. Alembe yekha. Kochi akaona kuti wolemba ndi mayi, amayamba kukayika kuti wofuna kuthamanga ndi ndani. Makampani aja olipiritsa kuti "akamugulitse" kwa makochi musawapatse ndalama zanu, chifukwa ku zothamanga wotchi imalankhula yokha ndipo zotsatira zili poyera.

Ndibwere pa mkangano wa iye ndi bambo ake. Bambowo musawaone ngati ouma mtima, ali ndi mfundo. Kuti munthu akhale physical therapist kuno ku America amafunika digiri yoyamba ya zaka zinayi, kenako DPT, digiri ya ntchitoyo, ya zaka pafupifupi zitatu. Ndi zaka 7 zolipira, ndipo zitatu zomalizazo n'zodula, thandizo lake n'lochepa, ambiri amatulukako ndi ngongole yolemera. Digiri ya unesi ya BSN ndi zaka zinayi, akakhoza mayeso opezera laisensi a NCLEX ntchito ilipo. Ife Amalawi kuno tikudziwa mmene unesi wanyamulira mabanja, n'chifukwa chake abambo amaukonda. Koma ngati mnyamatayo alidi ndi mtima wa DPT, mfundo ya bambo akeyo ndi yomwe ikumuuza kuti zaka zinayi zoyambazo zikhale zotsika mtengo momwe zingathekere, kuti mphamvu ya ngongole aisungire kutsogolo. Sukulu ya dzina lalikulu imene ikumupatsa khosi la nkhuku ija singamuthandize pamenepa. Masukulu ena, monga Marquette ku Milwaukee, amalandira mwana kuchokera ku high school n'kumusungira malo a DPT ngati magiredi ake sagwa. Afufuze zoterozo.

Funso limene mabanja amaiwala ndi la nthawi. Wothamanga mtunda wautali alibe nyengo yopuma: cross country kuyambira August mpaka November, indoor nthawi ya chisanu, outdoor mpaka May kapena June. Lamulo la Division I ndi II limati maola a masewera asapitirire 20 pa sabata, koma maola a pa msewu popita ku mpikisano ndi okhala kwa trainer (wosamalira ovulala) mwendo uli m'madzi oundana salowa m'chiwerengerocho. Tsono malabu a chemistry ndi anatomy amakonda kukhala masana, nthawi yomweyo ya pulakatisi. Wanga ankatuluka mu labu ali ndi mizere ya magalasi oteteza maso pankhope, n'kuthamanga yekha mdima utayamba chifukwa anzake amaliza kale, ndipo Lachisanu ankawerengera mayeso mu basi, buku pamwendo, nsapato zamatope zili mu pulasitiki pansi pa mpando. Zinatheka chifukwa kochi wake ankalola. Si onse amalola. Ku unesi n'kovutirapo, chifukwa m'zaka ziwiri zomaliza ophunzira amakagwira ntchito m'chipatala tsiku lonse, ndipo tsikulo sasankha okha. Akapita kukaona sukulu, afunse kochi kuti mu timu muli angati amene akuphunzira unesi kapena sayansi ya malabu, ndiye apemphe kucheza nawo kochiyo kulibe. Ngati yankho n'lakuti palibe, kapena kochi ayamba kumuuza za maphunziro ena "osavuta", adziwiretu. Ndipo ngati kwanu mumasunga Sabata, nkhani imeneyo ikambidwe tsiku loyamba, chifukwa mipikisano yambiri imakhala Lachisanu ndi Loweruka.

Kwa bambo ake ndili ndi mayina awiri. Yared Nuguse, mwana wa makolo ochokera ku Ethiopia amene anakulira ku Louisville, anaphunzira biochemistry ku Notre Dame akuthamanga, cholinga chake chili pa udokotala wa mano, ndipo mu 2024 anatenga mendulo ya bronze pa 1500m ku Olympics ya ku Paris, mpikisano womwe anapambana Cole Hocker wa ku Indianapolis. Amenewo ndi anthu apadera, sindikunena kuti mwana wanu adzafika pamenepo. Woyenera kumuganizira kwambiri ndi Sarah Sellers, amene anathamangira Weber State, n'kukhala nesi wogonetsa odwala tulo pa opareshoni ku Arizona, ndipo mu 2018 anamaliza wachiwiri pa Boston Marathon akugwira ntchito yake yonse. Kuthamanga mtunda wautali sikuthera pa koleji ngati football. Ambiri amafika pachimake ali ndi zaka za m'ma 20 kumapeto kapena 30. Ngakhale atasankha sukulu yaikulu ngati Purdue kapena Indiana University chifukwa cha maphunziro, timu n'kumukana, kumeneko kuli makalabu othamanga a bungwe la NIRCA omwe ali ndi mipikisano yawoyawo.

Chimodzi cha inu mayi: muziona mbale yake. Ana akamasaka masekondi ena amayamba kudzimana chakudya poganiza kuti kupepuka ndiye liwiro, mapeto ake mafupa a m'miyendo amang'aluka. Anyamata nawonso zimawachitikira. Mukaona akutopa zachilendo kapena nthawi zake zikubwerera m'mbuyo popanda chifukwa, pemphani dokotala amuyeze ferritin (kuchuluka kwa iron m'thupi), musamugulire mapiritsi a iron mwa inu nokha.

Sukulu iliyonse imene imalandira thandizo la boma ili ndi net price calculator, chowerengera ndalama zomwe banja lingalipire, pa tsamba lake. Khalani pansi atatu nonse ndi mapepala a msonkho a chaka chatha, muike manambala anu pa masukulu asanu kapena asanu ndi limodzi a magulu osiyanasiyana, mulembe zotsatira pa pepala limodzi pambali pa nthawi za othamanga aja wazipeza pa TFRRS. FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma la fizi, nthawi zambiri imatsegulidwa mu October, akadzangoyamba Grade 12, ndiye maimelo aja akhale atapita nyengo ya track ino isanathe.