Madzi ndi mtengo zinandichititsa manyazi ku Japan

Achemwali, mwafunsa mu gulu lino za zilembo za Chijapani za masiku a sabata pamene mukukonzekera ulendo wa ku Japan. Musamvere amene akukuyankhani kuti foni idzakuwerengerani zonse. Zilembo 7 za masiku a sabata mwafunsazo zilowezeni pamtima musanakwere ndege. Ine ndikulemba pano fungo la tsiku lija likundibwerera m'mphuno.

Ndinali ndi milungu isanu yokha m'katauni kena ka m'chigawo cha Ibaraki ku Japan, mwezi wa Ogasiti, kutentha kwake kosiyana ndi kwa ku Nsanje chifukwa kuno thukuta siliuma. Chipepala cha masiku otaya zinyalala chimene amakupatsani mukamalembetsa pofika ndinachimata pa firiji. Zinyalala zootcha, moeru gomi, panalembedwa 月・木. Cha 月 sichinandivute, mwezi, Lolemba. Chinandipha ndi chachiwiricho.

Mnyamata wina wakwathu amene anatsogola kuno anandiphunzitsa mwachidule tili m'basi. Akuti 木 ndi mtengo, ona thunthu, ona nthambi, ona mizu pansipo. Ine ndinagwira mawu amodzi okha, mizu. Mawa lake m'kalasi aphunzitsi akulemba 水 pa bolodi nkunena kuti ichi chimawerengedwa mizu. Mizu pa Chijapani ndi madzi! Ndiye m'mutu mwanga mizu ya mtengo ndi mizu ya madzi zinalowa mu poto mmodzi, ndipo zilembo ziwirizo mukaziyang'ana mothamanga zimangofanana, kamzere pakati ndi timiyendo uku ndi uku. 水 ndi Lachitatu, suiyobi. 木 ndi Lachinayi, mokuyobi. Ine ndinatulutsa thumba Lachitatu.

Thumba lake lotani? Matumbo ndi mitu ya saba, nsomba imene ndinagula yotchipa madzulo, mkute wa nsima ya ufa wa m'shopu ya anthu a ku Brazil, makoko a mazira, zonse zitakhala masiku awiri m'kachipinda kopanda mpweya. Ndinafika pamalo otayira cha m'ma 7, ndinaona kuti palibe thumba lina ngakhale limodzi, koma mtima unati ndalawira kuposa Ajapani. Ndinadzitama ndithu. Ukonde woteteza zinyalala kwa makhwangwala sindinafunde n'komwe, unali wopindidwa bwinobwino pambali ndipo ndinkaona ngati ndi wa munthu. Ndinakwera njinga ulendo wa kusukulu.

Pobwera madzulo ndinayamba kumva fungo ndisanakhote pakona. Makhwangwala a kuno si akwathu a kolala yoyera aja, ndi akuda bii, milomo ngati nkhwangwa. Anang'amba thumba, mitu ya nsomba inamwazika mpaka pageti la nyumba yoyandikana, nsima itapondedwa ndi matayala. Agogo ena aakazi, msana wopindika, anali atagwada pamsewu atavala magolovesi akutola ndi kachopanira. Wina anali atathira kale madzi. Ana a sukulu akudutsa atagwira mphuno. Ine ndinaima ndi njinga yanga ngati mlendo wongodutsa, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinaganiza zopitirira ngati sizikundikhudza. Koma ndani wina mumsewu wonsewo amadya nsima? Agogowo anadzutsa mutu, anandiweramira, nkunena konnichiwa, moni wawo, mwaulemu wonse. Bola akanandilalatira. Ndinagwada nawo pomwepo ndi manja opanda kanthu, mawu amene ndinkadziwa ndi sumimasen, pepani, basi, ndinawabwereza mwina maulendo makumi awiri.

Agogowo ndilibe nawo mlandu. Amene ndimamukwiyirabe ndi bambo woyang'anira nyumba yathu. Iye anafukula m'zinyalalazo nkupeza envulopu ya bilu ya magetsi yokhala ndi dzina langa m'katakana, zilembo zimene amalembera mayina achilendo. Chipinda changa amachidziwa, makiyi anandipatsa ndi iyeyo. Kugogoda kunamulaka chiyani? Ayi, anaimbira eni nyumba, eni nyumba anaimbira kusukulu, ine nkuitanidwa ngati ndaba mbuzi. Zotsalazo anazimanga m'thumba lina, nkumatapo kapepala kofiira, nkuliika pakhomo panga penipeni kuti aliyense wokwera masitepe aone. Tsiku lotsatira panakhomedwa chikalata polowera, cha m'Chingerezi chokhachokha, pamene m'nyumba yonseyo mlendo ndinali ine ndekha. Kodi pamenepo amalembera ndani? Munthu yemweyo tsiku lililonse ankandipatsa moni akumwetulira, pafupifupi zaka ziwiri, nkhaniyi osaitchula ngakhale kamodzi. Ndipo mnyamata wa m'basi uja nditamufotokozera anangogwa ndi phwete, akuti aliyense amadutsamo. Ukadziwa kuti aliyense amadutsamo bwanji osandichenjeza bwino?

Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi kope. Vuto lathu ife ndi lakuti kwathu masiku timawawerenga, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, nambala ili m'dzina momwemo. Iwo manambala anapatsa miyezi, masiku anawatcha zinthu. 月 mwezi, getsu, Lolemba. 火 moto, ka, Lachiwiri, ndipo chimaonekadi ngati malawi akuthetheka. Kenako awiri anga aja, madzi ndi mtengo. Kusiyana kwake ndi uku: mtengo uli ndi mzere wopingasa wowongoka wodula thunthu, madzi alibe, ndipo kamzere kake ka pakati kamathera ndi kambedza pansi. 金 ndi golide kapena ndalama, kin, Lachisanu, chimenechi Mmalawi saiwala. 土 ndi dothi ndipo chimawerengedwa do, doyobi, Loweruka, mphatso yaulere imeneyo. 日 dzuwa, nichi, Lamulungu. Asanu apakatiwo ndi omwenso ali m'mayina a mapulaneti, Mars amati kasei, nyenyezi ya moto, Jupiter mokusei, ya mtengo. Chilembo chachikulu cha 曜, yo wa m'mayina ngati suiyobi ndi doyobi, cha mizere 18, chisakuopseni. Pazikwangwani nthawi zambiri sachilemba n'komwe, ndipo ine mpaka lero ndikachilemba chimaoneka ngati nkhuku yapalasa.

Msampha wina ndi wa madeti. Mudzaona 8月7日(水). Apa 月 si Lolemba, ndi mwezi wa 8, ndipo 日 si Lamulungu, ndi tsiku la 7. Tsiku la sabata ndi lokhalo lili m'mabulaketi. Mukaona 第2・第4水 akutanthauza Lachitatu lachiwiri ndi lachinayi pamwezi, osati sabata iliyonse, mabotolo ndi zitini m'katauni kanga kaja zinkapita choncho. Pa siteshoni ya sitima ndi pa basi ndandanda imakhala pawiri, 平日 ya mkati mwa sabata, ndi ina yoyamba ndi 土 ya Loweruka ndi masiku a tchuthi. Pakhomo la shopu 定休日 ndi tsiku lotseka. Masiku a zinyalala amasiyana tauni ndi tauni, ngakhale dera ndi dera, ndiye 月・木 yangayi musaitenge ngati lamulo. A ku Fukuoka mu gulu lino akuuzani kuti kwawo amatola usiku.

Komabe kunena zoona, achemwali, musadzipweteke mutu kwambiri ndi kuloweza. Muli ndi zambiri zoti mulongedze. Mukafika jambulani chipepalacho ndi foni, lembani Chichewa ndi bolopeni pamwamba pa chilembo chilichonse, matauni ambiri ali nachonso cha Chingerezi mukapempha. Ine mpaka pano ndimayamba ndasuzumira pawindo. Ndikaona matumba a anzanga ali pansi pa ukonde ndimatulutsa langa, ndikaona mbee ndimabwerera nalo m'nyumba ngakhale kalendala inene chiyani. Ndipo chilichonse chokhala ndi dzina lanu muziching'amba tizidutswa musanataye. Matumbo a nsomba ikani mufiriza mpaka tsiku lake.

Mukupita tauni iti? Ngati ndi kufupi ndi Ibaraki ndiuzeni ku inbox, ndipo mutitengereko ufa woyera ngati m'chikwama mwatsala malo.