Ndimalipira inshuwaransi mwezi uliwonse, nanga bilu ya kuchipatalayi yachokera kuti?

Mayi wina wa ku Malawi amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indiana, m'dziko la America, atilembera imelo. Akuti mwezi ndi mwezi amawadula ndalama za inshuwaransi ya zaumoyo pa malipiro awo, koma atakajambulitsa bondo kuchipatala, bilu inawapezabe kunyumba. Afunsa kuti: "Ndalama zathuzi zimapita kuti? Nanga zimene ena amanena, zoti boma lokha lizilipirira aliyense, zingathandize?"

Mayi, tiyambe ndi bilu yanuyo. Ndalama imene amakudulani pamwezi, yotchedwa premium, ndi yongokulowetsani m'gulu. Kampani siyamba kulipira mpaka inuyo mutawononga kaye ndalama ina ya m'thumba mwanu chaka chimenecho, imene amaitcha deductible. Tiyerekeze kuti deductible yanu ndi madola 2,000, ndipo kujambula bondo kwakwana madola 1,200 mu January. Ndalama yonseyo ndi yanu. Mukaidutsa deductible, mumalipirabe gawo lina la bilu iliyonse, kawirikawiri 20 peresenti, kufikira mutafika pa malire a chaka. Mu 2024 lamulo linkalola kuti malirewo afike madola 9,450 kwa munthu mmodzi. Palinso misampha iwiri: chipatala chimene sichili pa mgwirizano ndi kampani yanu, ndi chithandizo chimene dokotala anayenera kupempha kaye chilolezo kwa kampani asanachipereke.

Musathamangire kulipira. Pemphani chipatala chikupatseni bilu yofotokoza chinthu chilichonse pachokha ndi mtengo wake, ndipo muiyerekeze ndi kalata ya kampani yotchedwa Explanation of Benefits, imene imasonyeza zimene kampani yalipira ndi zimene zatsalira inu. Ngati kampani yakana kulipira, muli ndi masiku 180 ochita apilo. Pemphani dokotala alembe kalata yofotokoza chifukwa chake chithandizocho chinali chofunika. Akakananso, muli ndi ufulu wopempha kuti anthu apadera, osakhala a kampaniyo, aunikenso nkhaniyo. Ngati chipatalacho ndi cha gulu losachita malonda, lamulo limachikakamiza kukhala ndi ndondomeko yothandiza opeza zochepa, choncho funsani fomu yake. Ambiri amalipira mwamantha asanachite zimenezi, ndipo makampani amadziwa bwino kuti ochita apilo ndi ochepa.

Tsono ndalama zimapita kuti? Mu 2023 dziko la America linawononga madola pafupifupi 4.9 thililiyoni pa zaumoyo, imene ndi 17.6 peresenti ya chuma chonse cha dzikolo, komabe anthu pafupifupi 26 miliyoni analibe inshuwaransi iliyonse. Chaka chomwecho kampani yaikulu koposa pa malondawa, UnitedHealth Group, inalowetsa madola oposa 370 biliyoni, ndipo phindu lake linali pafupifupi 22 biliyoni.

Phindulo ndi lalikulu, koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi njira imene limapezekera. Lamulo la Affordable Care Act la 2010 linalamula kuti kampani izigwiritsa ntchito 80 kapena 85 peresenti ya ma premium polipira chithandizo cha odwala, zotsalazo ndiye zoyendetsera kampani ndi phindu. Lamuloli linabwera ndi cholinga chabwino. Koma taganizani: 15 peresenti ya madola 10,000 ndi 1,500, pamene 15 peresenti ya madola 20,000 ndi 3,000. Mitengo ya kuchipatala ikakwera, gawo la kampani limakulanso, ndiye ingalimbikire bwanji kuti mitengo itsike? Komanso premium ikangolowa, bilu iliyonse imene kampani yakana kapena kuchedwetsa ndi ndalama yotsala m'bokosi mwake. Ena afika pogula makiliniki ndi makampani a mankhwala, monga UnitedHealth ili ndi Optum, kotero ndalama yolembedwa kuti yalipira chithandizo imangochoka m'thumba lakumanja kulowa lakumanzere.

Kuwonjezera apo, makampani ndi ambirimbiri, iliyonse ndi mafomu ake, malamulo ake ndi mitengo yake. Chipatala chimalemba ntchito anthu ochuluka ongolemba mabilu ndi kukangana ndi makampani, nayonso kampani ili ndi anthu ake owakana. Onsewa amalipidwa ndi premium yanu, ndipo palibe amene wagwirapo bondo lanu.

Njira imene mwamvayo amaitcha single-payer, kutanthauza wolipira mmodzi. Anthu onse amasonkha kudzera m'misonkho, ndipo thumba limodzi la boma limalipira mabilu a aliyense. Madokotala ndi zipatala angathe kukhalabe odziimira paokha. Ndi mmene zilili ku Canada, kumene chigawo cha Saskatchewan chinayamba ndi zogonekedwa m'chipatala mu 1947 pansi pa mtsogoleri wa chigawocho, Tommy Douglas, kenako mu 1962 nkuwonjezera kuonana ndi dokotala. Madokotala ananyanyala ntchito masiku 23 pokana, koma ndondomekoyo inakhalabe mpaka kufalikira dziko lonse. Taiwan inayamba yake mu 1995. Ku Britain nkosiyana pang'ono, chifukwa NHS, ndondomeko ya boma ya zaumoyo imene inayamba mu 1948, ili ndi zipatala zakezake.

Mphamvu ya wolipira mmodzi ili pa mtengo. Wogula akakhala mmodzi, chipatala kapena kampani ya mankhwala singauze aliyense mtengo wakewake. Canada imawononga pafupifupi 12 peresenti ya chuma chake pa zaumoyo, aliyense wokhazikika m'dzikomo ali m'gulu, ndipo anthu ake amakhala ndi moyo zaka zingapo kuposa a ku America. Munthu akachotsedwa ntchito sataya dokotala wake. Kwa inu amene inshuwaransi yanu yamangiriridwa kwa bwana, mfundo imeneyi ndi yaikulu.

Zovuta zilipo, ndipo wozibisa akukunamizani. Ku Canada anthu amadikira miyezi kuti apangidwe opaleshoni ya bondo kapena chiuno, ndipo mankhwala ogula ku famase samalipiridwa mofanana m'zigawo zonse. Misonkho imakweranso. Chigawo cha Vermont, ku America, chinayesa njirayi koma chinaisiya mu 2014 chitaona kukula kwa msonkho wofunika. Koma powerengera, kumbukirani kuti mu 2024 inshuwaransi ya banja yodzera kuntchito inkakwana madola oposa 25,000 pachaka. Gawo limene bwana amalipira ndi malipiro anu omwe simuwaona. Funso loyenera ndi lakuti msonkho watsopanowo ungapose premium, deductible ndi mabilu onse pamodzi kapena ayi, ndipo kwa wosamalira okalamba ngati inu sindikhulupirira kuti ungapose.

America ili nayo kale ndondomeko yofanana ndi imeneyi kwa anthu a zaka 65 kupita mtsogolo, ndiyo Medicare, imene pulezidenti Lyndon Johnson anasainira mu 1965. Zimene wandale Bernie Sanders amazitcha Medicare for All nkungoifutukula kuti ifikire aliyense. Lamulo la 2003 linaletsa Medicare kunenerera mitengo ya mankhwala, ndipo chiletsocho chinakhala mpaka 2022, pamene lamulo latsopano linailola kuyamba ndi mankhwala 10 okha, nkuikanso malire a madola 35 pamwezi pa insulin, mankhwala a matenda a shuga, kwa okalamba amene ali pa Medicare. Agogo amene mumawasamalirawo akupindula nazo kale zimenezi.