Za mmene John Wick inakulira mpaka kufika magawo anayi

Achimwene mwafunsa kuti zinatheka bwanji filimu ya munthu wobwezera imfa ya galu wake mpaka kufika magawo anayi, ndiye imvani mmene ine ndimazionera. Yoyamba inatuluka mu 2014, sanaononge ndalama zambiri poipanga koma inabweretsa madola opitilira 80 miliyoni. Chinsinsi chake ndi ndewu zija. Dailekitala wake Chad Stahelski poyamba ankalowa mmalo mwa Keanu Reeves, yemwe amasewera John Wick, pa zoopsa mu filimu ya The Matrix, ndiye amadziwa kuti kamera isamangodumphadumpha, chibakera chilichonse umachiona ndi maso ako, zipolopolo zikatha umaonanso munthu akuyika zina mu mfuti, zimenezi anthu zinawagwira mtima kwambiri.

Koma kwa ine chomwe chinaikulitsa kwenikweni ndi malamulo a zigawenga zija, hotela ya Continental komwe sikuloledwa kuphana, makobiri agolide olipirira chilichonse, akuluakulu a High Table omwe palibe angawatsutse, ukamaliza gawo limodzi umangofuna kudziwa kuti pamwamba pa amenewa pali ndaninso. Yachiwiri inabwera 2017, yachitatu 2019, yachinayi ya 2023 inadutsa madola 400 miliyoni, muja muli Donnie Yen akusewera wakhungu komanso ndewu ya pa masitepe a Sacré-Cœur ku Paris yomwe ndaibwereza kangapo konse.

Kenako kunabwera siriizi ya The Continental mu 2023 ndi filimu ya Ballerina ya Ana de Armas mu 2025. Inu yambani ndi yoyamba, mukadumpha simumvetsa chifukwa chomwe aliyense amamuopera John Wick.