Kugona motchipa ku Swakopmund: yankho kwa achemwali a ku Cape Town

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito ya unamwino ku Cape Town. Iwo ndi amuna awo akhala akusunga kandalama kuti mu Julayi akapume masiku asanu ku Swakopmund, m'dziko la Namibia, pokondwerera zaka 10 ali m'banja. Analemba motere: "Tapeza malo ogona otchipa, koma alibe makina oziziritsa m'chipinda, ngakhalenso dziwe losambiramo. Kodi m'chipululu muja sitikapsa? Kapena tichepetse masiku kuti tikagone pa hotela yapamwamba?"

Achemwali, masikuwo musachepetse. Tengani malo otchipawo, koma muwafunse kaye mafunso oyenera, chifukwa chimene mukuchiopacho si chimene chikakuvuteni. Ku Swakopmund mu Julayi munthu amalira bulangete, osati mphepo yozizira ya makina.

Ndikudziwa kuti zikumveka zachilendo. Tikamva mawu akuti chipululu timaganiza za dzuwa loswa mtengo, ngati la ku Nsanje mu Okutobala. Ndipo ndi zoona kuti tawuniyi yazunguliridwa ndi chipululu cha Namib, mapiri a mchenga amayambira pomwe nyumba zathera, tsidya la mtsinje wouma wa Swakop. Mvula ya chaka chonse kawirikawiri siyifika ngakhale mamilimita 20. Koma kumadzulo kwake kuli nyanja ya Atlantic, ndipo m'mphepete mwake mumadutsa madzi ozizira kwambiri ochokera kumwera, amene amatchedwa Benguela. Mpweya ukadutsa pamwamba pa madzi amenewa umazizira n'kusanduka chifunga, ndipo chifungacho chimalowa m'tawuni usiku n'kukhala mpaka m'mawa, nthawi zina tsiku lonse. Amene anakhalako ku Thyolo kapena ku Mulanje nthawi ya chiperoni akudziwa kuzizira kwa mtundu umenewu, konyowa, kolowa m'mafupa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kulibe tiyi wobiriwira m'minda, kuli mchenga ndi fungo la mchere. Usiku wa mu Julayi kumazizira mpaka cha m'ma digiri 10, ndipo nyumba zambiri zotchipa zilibe chotenthetsera.

Ulendo wanga woyamba ndinapita mu Juni, ndipo ndinagona pa kanyumba kena ka alendo komwe sinditchula dzina. Anandipatsa chipinda chakumbuyo, zenera lake loyang'ana kumwera. Nditangotsegula chitseko ndinalandiridwa ndi fungo la chuku. Zofunda zinali zochapa bwinobwino, koma ukazigwira unkamva ngati zangoanulidwa zisanaume. Thawulo limene ndinapukutira madzulo ndinalipeza m'mawa lili chinyowere. Loko wa chitseko anali atadyedwa ndi dzimbiri moti kiyi ankafuna manja awiri. Ndipo giza anali mmodzi wa zipinda zinayi, ndiye ukachedwa kudzuka unkasamba madzi ozizira. Tsiku lachiwiri ndinadandaula kwa mayi amene ankakonza m'zipinda. Iwo sanakane kanthu, anangonditengera ku chipinda china chopanda munthu, mbali inayo ya bwalo, n'kutsegula katani. Dzuwa la masana linali litagona pabedi. "Muzipempha cha kumpoto," anatero. Mtengo wake unali womwewo, koma zinali ngati ndasamukira nyumba ina.

Choncho funso loyamba limene muwalembere eni malowo ndi limenelo: kodi chipinda chikuyang'ana kuti? M'nyengo yozizira dzuwa limadzera chakumpoto, monga momwe zilili ku Cape Town ndi kwathu komwe, ndipo chipinda chimene limalowamo chimauma. Kenako afunseni za madzi otentha, ngati giza ndi wa chipinda chanu chokha kapena ngwogawana, ndiponso ngati ndi wa magetsi kapena woyendera dzuwa, pakuti woyendera dzuwa amafooka chifunga chikakhalitsa. Pemphani bulangete lachiwiri musanafike. Inu tengani juzi zochindikala, masokosi ogonera, ndi jekete lotchinga mphepo. Dziwe losambiramo liiwaleni. Ngakhale nyanja yeniyeniyo, ambiri amangoviikamo mapazi n'kuthawa.

Pali chinthu chimodzi chimene chingasinthe zonsezi kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo ndi bwino muchidziwiretu. M'miyezi yomweyi, kuyambira cha mu Meyi kufika mu Ogasiti, nthawi zina kumawomba mphepo ya kum'mawa imene anthu a kumeneko amaitcha Oosweer m'Chiafrikaans. Imachokera kumtunda kwa dziko, ndipo ikamatsikira kunyanja imatentha n'kunyamula mchenga. Tsiku limenelo kutentha kumapitirira madigiri 30, kumwamba kumafiira, mchenga umalowa pansi pa chitseko, m'makutu, m'mbale ya ndiwo. Apa mukhoza kulakalaka makina aja. Koma mankhwala ake ndi kutseka mazenera, kuika thawulo lonyowa pansi pa chitseko, ndi kudikira. Nthawi zambiri pofika masana imakhala yachepa mphamvu, ndipo madzulo a tsiku lotere ndiye okoma koposa, kumwamba kuli mbee, anthu atadzaza pagombe. Sindingalipire ndalama yowirikiza usiku uliwonse chifukwa cha mphepo imene mwina simukaiona n'komwe.

Chimene ndingalipire, ngakhale kuwonjezera pang'ono, ndi khitchini. Swakopmund ndi tawuni ya alendo, ambiri a iwo ochokera ku Ulaya, ndipo mitengo ya m'malo odyera a kugombe inaikidwa poganizira matumba awo. Mukamadya kumeneko katatu pa tsiku, ndalama imene mwapulumutsa pa chipinda ithera m'mbale. Malo ambiri otchipa ali ndi khitchini yogawana, ena ali ndi kachitofu ndi furiji m'chipinda momwemo. Masitolo akuluakulu alipo pakati pa tawuni, ufa woyera umapezeka, nsomba ya hake ndi yosavuta kupeza, ndipo nyama ya ng'ombe ya ku Namibia ndi yabwino kwambiri. Ine ndimayenda ndi kamthiko kanga m'chikwama, chifukwa m'makhitchini amenewa mumapeza masupuni opyapyala amene sangavundule nsima. Phikani m'mawa ndi madzulo, kenako musankhe tsiku limodzi, la chikondwerero chanucho, mukadye malo abwino moyang'ana nyanja popanda kuwerengera.

Madzi a pampopi amamweka, ngakhale ena amawamva kukoma kwachilendo. Muwagwiritse ntchito mosamala. Dera lonseli limadalira madzi a pansi pa mitsinje youma ya Omaruru ndi Kuiseb, kuphatikizapo a m'nyanja amene amachotsedwa mchere pa fakitale ya ku Wlotzkasbaken, imene inatsegulidwa mu 2010 chifukwa cha migodi ya uranium. Mukaona kachikwangwani m'bafa kopempha kuti musambe mwachangu, si kuumira kwa mwini nyumba.

Za malo pomwe nyumbayo ili, yang'anani pa mapu musanalipire. Pakati pa tawuni ndi pang'ono, munthu amayenda wapansi kuchokera mu msewu wa Sam Nujoma kukafika pa nsanja younikira sitima ya mu 1902, pa khoma lakale la doko lotchedwa Mole, mpaka pa mlatho wa Jetty wolowa m'nyanja. Ngati mulibe galimoto, kugona pafupi ndi pamenepa kukupulumutsirani ndalama ya matakisi. Malo ena otchipa kwambiri ali kutali chakumpoto, kupyola dera la Vineta, ndipo pa chithunzi amaoneka ngati ali pafupi. Kuyenda mphindi 40 m'chifunga usiku mutatopa si chinthu chosangalatsa.

Tsopano ndifike pa chifukwa chenicheni chimene ndikukukanizirani hotela yodula. Chimene mwapitira ku Swakopmund sichili m'chipinda. Chili kunja kwa tawuni, ndipo kuti mukachione bwino pamafunika kulipira munthu wodziwa. Ine m'mawa wina ndinapita ndi wotsogolera alendo m'mapiri a mchenga a pakati pa Swakopmund ndi Walvis Bay. Kwa ine panalibe chilichonse, mchenga wokhawokha. Iye anatsika m'galimoto, n'kuwerama, n'kuloza timizere tating'ono ngati tolemba ndi udzu. Anafukula ndi dzanja pang'onopang'ono, ndipo munatuluka kanalimata kakang'ono ngati chala, khungu lake loonekera mkati moti mitsempha inkaoneka, mapazi ake otambalala ngati a bakha kuti kasamire mumchenga. Anakatchinga ndi chipewa kuti dzuwa lisakaotche, tinakaona, kenako anakakumbira kadzenje n'kukabwezeramo. Patsogolo pang'ono anatisonyeza maso awiri okha ali pamwamba pa mchenga, thupi lonse la kanjoka litakwiririka. Anatifotokozeranso za kachikumbu kakuda kamene kamakwera pamwamba pa phiri la mchenga m'bandakucha, n'kuzondoka mutu pansi, kuti chifunga chisanduke madontho pamsana pake n'kutsetserekera kukamwa. Ndinabwerera ku chipinda changa chonyowa chija ndikuchiona chifunga mwa mtundu wina, pakuti chimene chinkandikaniza kuumitsa thawulo ndi chomwe chimamwetsa zamoyo zonse za kumeneko.

Ndalama ya usiku umodzi pa hotela yapamwamba ikhoza kukulipirirani ulendo wotere. Walvis Bay ili pa mtunda wa makilomita ongopitirira pang'ono 30, ndipo kumeneko mukaona mbalame zofiirira za miyendo italiitali zotchedwa flamingo zitadzaza padambo la kugombe, komanso phiri la mchenga la Dune 7. Chakum'mawa kuli chomera cha welwitschia, cha masamba awiri okha amene amakula moyo wake wonse, ndipo zina zakhala zaka zoposa 1,000. Koma wina asakunamizeni kuti Sossusvlei, kumene kuli mapiri ofiira a pa zithunzi aja, ndi pafupi. Ndi ulendo wa maola 5 kapena kuposa, mbali yaikulu pa msewu wa miyala, ndipo umafuna kukagona komweko.

Pali nkhani ina imene simunafunse, koma mtima wanga sungalole kuti ndiisiye. Mukafika mudzadabwa ndi nyumba zake, zonga za ku Germany, monga Woermannhaus ndi Hohenzollernhaus, ndi makeke a Chijeremani m'mashopu. Tawuniyi anaiyambitsa ndi Ajeremani mu 1892, chifukwa doko labwino la Walvis Bay linali m'manja mwa Angerezi. Pakati pa 1904 ndi 1908, pamene asilikali a Germany ankapulula Aherero ndi Anama, mitundu ya anthu a m'dzikoli, ku Swakopmund kunali msasa wa akaidi. Amuna, amayi ndi ana ankagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga padoko ndi pa njanji, ndipo ambiri anafa ndi njala, matenda, ndi kuzizira komwe ndakufotokozeraniku, alibe chofunda chokwanira. Kumapeto kwa tawuni, pafupi ndi manda osamalidwa bwino a azungu, kuli timilu ta mchenga tambirimbiri topanda mayina. Boma la Germany linavomereza mu 2021 kuti zimene zinachitikazo kunali kupulula mtundu wa anthu. Kupita pamandapo sikulipiritsa. Pitaniponi, muime pang'ono. Ine nditachoka pamenepo, usiku umenewo bulangete lachiwiri lija ndinalifunda ndili chete.

Anthu amene akakuyalireni bedi ndi kukutsegulirani geti ambiri amakhala m'madera a Mondesa ndi DRC (osati dziko la Congo), kuseri kwa tawuni kumene mabasi a alendo safikako kawirikawiri. Apatseni moni, afunseni kumene amadya. Ndi mmene ine ndinapezera kapana, nyama yowotcha yodulidwa tizidutswa imene umadyera pomwepo ndi tsabola ndi mchere, yofanana ndi kanyenya wathu. Pochoka musaiwale kusiya kenakake m'dzanja la amene amakonza chipinda chanu, mwachindunji.

Za ulendo wake ndinene mwachidule. Basi yochoka ku Cape Town kukafika ku Windhoek imayenda makilomita pafupifupi 1,500, ndipo imadutsa malire pa mtsinje wa Orange, pakati pa Vioolsdrif ndi Noordoewer. Kuchoka ku Windhoek kwatsala makilomita pafupifupi 360 kudzera ku Okahandja, kumene msewu wa B2 umayambira, kenako ku Karibib ndi Usakos, ndipo pali timabasi tonyamula alendo tsiku ndi tsiku. Ngati masiku asanuwo akuphatikiza ulendo, yerekezani mtengo wa ndege yotera ku Walvis Bay, poti basi ikudyerani masiku awiri kupita ndi awiri kubwerera. Malo ogona sungitsani msanga. Disembala ndiye mwezi wodula kwambiri, pamene anthu a ku Windhoek amathawira kunyanja, koma mu Julayi namonso alendo a ku Ulaya amakhala atayamba kuchuluka, ndipo zipinda zabwino zotchipa ndi zimene zimayamba kutha.

Soketi za magetsi ndi zofanana ndi za ku South Africa, za mano atatu ozungulira, ndiye inu mulibe vuto, koma wochokera ku Lilongwe kapena ku Lusaka ayenera kutenga adaputala. Ndalama ya rand imagwira ntchito m'Namibia monse, ndipo ndi yofanana mphamvu ndi dola ya kumeneko, koma chenji adzakupatsani cha madola a Namibia, amene masitolo a ku Cape Town sawalandira. Tsiku lomaliza pemphani kuti akubwezereni ma rand, ndipo otsalawo mugulire chakudya cha panjira musanawoloke pa Noordoewer.