Kampu ya mwana yagundana ndi tchuthi cha bambo ake

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Matawale, mumzinda wa Zomba. Amuna awo amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo akubwera mu Ogasiti kudzakhala masabata awiri okha. Mwana wawo wachisamba, mtsikana wa zaka 13, analembetsa kale kampu ya achinyamata a kumpingo ya masiku asanu, ndipo masikuwo agwera m'kati mwenimweni mwa tchuthi cha bambo ake. Mlongo wake wa zaka 8 naye akuvuta kuti apite nawo. Uku apongozi ku Jali atumiza uthenga kuti akufuna kuona adzukulu. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi ndimuletse mwanayu? Bambo ake sanaonane nawo chaka chathunthu."

Amayi, musamuletse. Wamng'onoyo ndiye atsale.

Mtsikana wa zaka 13 amene mwamuletsa kupita kumene anzake onse akupita adzakhala pakhomo inde, koma ndi nkhope yakugwa, akuwerenga m'mutu mwake kuti pano anzanga akuimba, pano akudya. Ndipo mlandu wonse adzauika pa bambo ake, munthu yemwe mukufuna kuti agwirizane naye. Pa masiku 14 mukachotsapo asanu, atsala 9. Ineyo nkhawa yanga ili pa masiku 9 amenewa, chifukwa ndikudziwa mmene amathera m'makomo mwathu muno.

Munthu wochokera ku Joni amafika atakhala m'basi masiku awiri, kudutsa pa Beitbridge, ku Tete mpaka ku Mwanza, miyendo itatupa. Tsiku loyamba n'logona. Lachiwiri pakhomo pamadzaza: alamu, asuweni, ena obwera kudzatenga katundu amene abale awo atumiza. Lachitatu bambo ali kupuloti kukangana ndi mmisiri za matumba a simenti. Kenako pali maliro atatu amene anachitika iwo kulibe, ofunika kukapepesa. Pali ulendo wa ku Blantyre wokonza mapepala. Pali anzawo a pabawo amene sangangowadutsa. Ana amawaona bambo awo usiku atatopa, foni ili kukhutu. Tsiku lonyamuka likamakwana, chimene mwana watsala nacho ndi nsapato zatsopano basi. Kampu siinabe kalikonse pamenepa, taba ndife akuluakulu.

Ndiye chitani izi bambo asananyamuke n'komwe. Kambiranani pa WhatsApp, kalendala ili m'manja, ndipo zochita zonse za akuluakulu muziunjike m'masiku asanu a kampuwo. Zipepeso, puloti, Blantyre, alendo, zonse zilowe m'menemo. Achibale auzeni poyera kuti masiku ochezera ndi awa. Ena adzadandaula, adzati mkaziyu akutchinga mwamuna, koma mawu otere satha, ngakhale mutatsegula chitseko usana ndi usiku. M'masiku omwewo mnyamata wanu aziyenda ndi bambo ake kupuloti, azigwira tepi poyeza khoma, adye nawo chipisi cha pachiwaya pobwerera. Kwa mwana wa zaka 8 zimenezo zikuposa kugona m'kalasi ndi anyamata akuluakulu osawadziwa.

Kukasiya mtsikanayo kukampu ndi kukamutenga, apite ndi bambo ake, awiriwiri. Ana a msinkhu umenewu salankhula mukawakhazika pampando n'kuwafunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji. Amamasuka m'minibasi, maso ali pawindo, makamaka pobwerera nkhani za kukampu zikadali zotentha. Koma musamakamuzonde tsiku ndi tsiku kapena kumutulutsa pakati pa sabata kuti adzadye nkhomaliro ndi alendo. Mapanga awiri avumbwitsa. Ngati pali mwambo wotsekera umene makolo amaitanidwa, pitani nonse tsiku limenelo.

Za kampuyo, funsani mafunso osachita manyazi, ngakhale otsogolera ake ndi a mpingo wanu womwe. Atsikana akagona kuti, ndipo ndi mayi uti wamkulu amene akagone nawo? Madzi akumwa akachokera pampopi, pamjigo kapena pachitsime? Mwana akadwala usiku, chipatala chapafupi n'chiti ndipo akapita pa chiyani? Tengani nambala za akuluakulu awiri. Mwanayo atenge neti, bulangete ndi juzi, poti usiku wa mu Ogasiti kuno umazizirabe. Mumuuzenso kuti aliyense akamugwira kapena kumulankhula mosayenera, akuuzeni msanga, ndipo aloweze nambala ya 116, yaulere yothandiza ana, imene amayendetsa a bungwe la YONECO omwe likulu lawo lili mu Zomba momwe muno. Otsogolera abwino sakwiya ndi mafunso otere. Amene akwiye, ndiye kuti mwapeza yankho lanu, mwana asapite.

Akabwerako, tsiku lotsatira musakonze ulendo uliwonse. Amafika mawu atasasa ndi kuimba, zovala zonse zakuda, tulo tili m'maso. Agone, achape, afotokoze.

Kenako tsiku limodzi mukwere phiri. Zimandidabwitsa kuti alendo amachoka maiko akutali kudzaona phiri la Zomba, pamene ana obadwira ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Sadzi amaliona m'mawa uliwonse koma sanapondeko pamwamba. Nyamukani m'mamawa, chifukwa nyengo ino utsi wa moto wa m'tchire umaphimba patali dzuwa likakwera. Aonetseni damu la Mulunguzi, muwauze kuti madzi a m'mipopi ya m'tauni amachokera pamenepo. Mukafike pa mathithi a Williams Falls, pamene ana angathe kuviika mapazi m'madzi ozizira. Ngati miyendo ikulola, pitirirani ku Emperor's View, malo amene anatchedwa choncho chifukwa cha mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inafikapo mu 1965. Kukakhala koyera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Ku Chingwe's Hole n'kutali kwa mwana wa zaka 8, kusiyeni kaye. Chakudya nyamulani chanu, mbatata yophika, mazira ndi thobwa, ndalama yotsala mugule zipatso kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu wa Ku Chawe. Thumba likakhala lopyapyala, ku Botanic Gardens m'munsi mwa phiri n'kokwanira, ndipo bambo akhoza kuwaonetsa nyumba zakale za boma za nthawi imene Zomba inali likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Mafoni a akuluakulu akhale m'chikwama, atuluke pojambula pokha. Ndikunena bambo makamaka.

Ku Jali mupite banja lonse ndipo mukagone masiku awiri, osati kungowatula ana n'kubwerera. Nthawi imeneyi nandolo amakhala akuuma m'minda, ntchito ya manja siisowa, ndipo mwana amene wathyola nandolo limodzi ndi bambo ake ndi agogo ake amamva nkhani za pamtundu zimene palibe akanamuuza pabalaza la ku Matawale, wailesi yakanema ikulira.

Pali chinthu chimodzi chimene simunafunse. Tchuthi chachitali chimenechi ndi nyengonso ya zinamwali m'midzi yambiri ya kuno, poti mafumu amafuna kuti ana akhale atatuluka sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala. Ana anu onse awiri ali pa misinkhu imene akuluakulu a kumudzi amayamba kuiwerengera. Mwina apongozi angowasowa adzukulu basi, koma mwinanso ali ndi maganizo ena amene sanawatchule pafoni. Amuna anu awafunse amayi awo mwaulemu ulendo usanachitike. Ngati nkhaniyo ilipo, muikambirane inu awiri ndi amalume a anawo, mudziwe amene akawalangize, zimene akaphunzitsidwe ndi masiku ake, ndipo muvomere kapena kukana mukadali ku Matawale, ana asanakwere galimoto.