Kuyankha amalume za ng'ombe za pachithunzi zija

Eee amalume mwaswera bwanji kumeneko, ndamva funso lanu, mukuti chithunzi ndinaponya pagulupu chija, ng'ombe zili mbwee pamsewu, ndi ku England zoona kapena ndikukunamizani? Hahaha ayi ndithu ndi konkuno, ndi Banbury yomwe ndikukhala inoyo, pakati pa Oxford ndi Birmingham. Ndi mapositikadi akalekale, ndinagula atatu mushopu ina ya zakaunjika Loweruka lapitali.

Ndiye pamene pali ng'ombepo amati Cow Fair, kutsogolo kwa Town Hall, nyumba ya nsanja yosongoka ija, anaimanga 1854 ndipo ilipobe, ndimadutsapo ndikamapita kokwera sitima. Alimi amabwera ndi ziweto zawo kudzagulitsira pamsewu pomwepo, ndowe paliponse, azibambo onse zipewa kumutu, tianyamata tangoima kakasi kuyang'ana kamera, kunena zoona ine nditaona ndinangoti aa koma iyi ndi Lizulu tsiku la msika basi, kungosiyana kuti awa avala majekete. Kenako msika wa ng'ombe anausamutsira tsidya la mtsinje wa Cherwell ku Grimsbury, unakula mpaka kutchuka ku Ulaya konse, koma anautseka 1998, pano pali nyumba za anthu. Msika wa ndiwo ndi zipatso wokhawo ndiye ulipobe, Lachinayi ndi Loweruka, koma ndi kamsika chabe, musayembekezere zambiri.

Chachiwiri chija cha chipilala ndi Banbury Cross, ya 1859, anaimika pokumbukira ukwati wa mwana wamkazi wa Mfumukazi Victoria. Pachithunzipo pali ngolo ya hatchi imodzi yokha, msewu uli mbee, mayi wina akuyenda pakatikati osatekeseka, lero ndi raundabauti, mutayesa kuima pamenepo galimoto ikuphwanyani. Msewu wa pambali pake mpaka pano dzina lake ndi Horse Fair koma hatchi simungaione olo imodzi.

Koma chandisangalatsa kwambiri ndi kumbuyo kwake amalume. Sitampa yake ndi ya hafu peni, yobiriwira, ndiye munthu walemba timizere tiwiri tokha ndi pensulo, akuti afika mawa ndi sitima ya masana akamuchingamire. Mawa! Nthawi imeneyo positi imayenda kangapo patsiku ndiye inali ngati WhatsApp yawo, kulemba m'mawa madzulo yafika. Ndipo mitundu mukuonayo si ya kamera ayi, chithunzi chinali chakuda ndi choyera, amachita kupaka pambuyo, nchifukwa chake kumwamba kuli buluu chonchija, Banbury yake iti ya dzuwa lotero, ine chibwerere ndi mitambo yokhayokha.

Cha ng'ombecho ndikusungirani, ndipatsira munthu akamabwera pa Khirisimasi. Apatseni moni azakhali, ndathamanga shifiti yayandikira.